Miyala Yamoyo Kunsi kwa Khondowe

Munthu akaima pa phiri la Khondowe, pamene Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni ya Livingstonia m'chaka cha 1894, amaona nyanja ya Malaŵi itayalika chakum'maŵa ngati mphasa. Ambiri amakhutira ndi kuyang'ana patali. Koma iye wotsika ndi mseu wa Gorodi, wa makhota 20, nafika ku Chitimba, napitirira mpaka ku Chilumba, amapeza chodabwitsa china pansi pa madzi, ndicho miyala yamoyo.

Mwala wa m'nyanja ukaugwira umaterera. Kutererako ndi ndere, ndipo m'nderemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Uwu ndiwo munda wa mbuna, tinsomba tokongola tija tamaŵanga abuluu ndi achikasu. Tsiku lonse mbuna zimapala ndere ndi mano, ndipo zikaona mdani zimathaŵira m'ming'alu. Yaikazi imasunga mazira m'kamwa pafupifupi masabata atatu kufikira ana atakhwima. Popeza mbuna sizikonda kudutsa pamchenga poyera, malo ambiri amiyala ali ndi mitundu yaoyao, imene sipezeka kwina kulikonse.

Kunja kwa dziko lino kuli anthu oŵeta nsomba m'mabokosi agalasi, ndipo nsomba za ku Chilumba amazidziŵa ndi maina. Oŵeta nsomba za m'nyanja yamchere sathamangira kuika nsomba m'bokosi latsopano. Amayamba atenga mwala wochokera m'nyanjamo, nautsuka kuti achotse zamoyo zimene zinafera panjira. Akatero amauviika m'madzi amchere oyenda bwino kwa masabata angapo, akumasintha madziwo, kufikira fungo litatha. Pamenepo tizilombo ta pamwalapo timakhala titachuluka, ndipo ndito timasandutsa zonyansa za nsomba kuti zisakhale chiphe. Wopupuluma amadzuka m'maŵa napeza nsomba zonse zitayandama.

Zimene anzathuwo amazipeza ndi ndalama ndi thukuta, ife tinazilandira kwaulere. Koma nanga tikuzisamala? Tikadula mitengo m'mapiri otsetsereka a pakati pa Khondowe ndi nyanja, mvula imakokolola dothi, mitsinje nilitula m'nyanja. Matope akakuta mwala, ndere imasoŵa dzuŵa nifa, mbuna nizisoŵa chakudya. Enanso amakoka tiana ta nsomba ndi masikito oyenera kutchinjiriza ana athu ku malungo.

Kum'mwera, ku Cape Maclear, boma linapatula malo otetezera nsombazi m'chaka cha 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaŵerengera pakati pa chuma cha dziko lonse lapansi. Miyala ya kuno kumpoto ikudalira ife eni ake.

Makolo, mukapita kunyanja ndi ana, aonetseni mwala woterera, muwafotokozere ntchito yake, ndipo muubwezere pamene munaupeza. Inu achinyamata, bzalani mitengo m'mphepete mwa mitsinje mvula ya chaka chino isanathe.