Mneni Amene Anatembenuza Ngongole

Kumtunda kwa Neno, m'dera la Mfumu Dambe, kumene mapiri a Kirk achita malire ndi dziko la Mozambique, anthu amadalira mbatata ya kachewere ndi tirigu. Kumeneko mbewu ndi chuma. Munthu akasowa mbewu nyengo yobzala amapita kwa mnzake, natenga matumba angapo, nalonjeza kudzabweza akakolola. Kuyambira kale pangano lotere linkamangidwa pakamwa, pamaso pa mboni.

Neno inakhala boma palokha mu 2003. Chaka china izi zisanachitike, derali likadali mbali ya boma la Mwanza, mnyamata wina wa Fomu 2 anabwera kumudzi kutchuthi. Anapeza amalume ake akukongoza bambo wa mudzi woyandikana nawo matumba 5 a mbewu ya kachewere.

"Mwanawe," anatero amalumewo, "sukulu ndikulipirayi iwoneke phindu lake. Tilembere pepala la umboni, ndipo ulembe m'Chingerezi kuti likhale lolemera."

"Chabwino, amalume," anayankha mnyamatayo mokondwa. Analemba mwaukhondo kuti, "My uncle has borrowed this man 5 bags of potatoes." Akulu awiriwo anadinda zala, pepala nalisunga m'chikwama.

Nthawi yokolola inafika nipitirira, koma matumba sanabwerere. Nkhani inakafika pabwalo la nyakwawa. Kumeneko mkamwini wa wokongola uja, munthu amene anagwirapo ntchito ku Blantyre, anawerenga pepalalo mokweza, naseka. Anati mneni "borrow" amatanthauza kutenga chinthu kwa mwini wake, osati kupereka. Choncho malinga ndi pepalalo, wangongole anali amalumewo. Mnyamata uja anangoti zyoli, thukuta lili kamukamu.

Kodi cholakwa chinagona pati? Chichewa ndi Chingerezi zimagawa ntchito imeneyi mosiyana. Chingerezi chimayang'ana kumene chinthu chikulowera. Wolandira ndiye amachita "borrow", pamene wopereka amachita "lend". Aneni awiriwa sasinthana malo, ndipo aliyense ali ndi mperekezi wake: "borrow" amayenda ndi "from", pamene "lend" amayenda ndi "to". Chichewa sichitero. Munthu akati "ndabwereka khasu" ndiye kuti walandira, koma akati "ndibwerekeni khasu" akupempha kuti mnzakeyo apereke. Tsinde la mneni ndi limodzi, ndipo womva sasokonezeka. N'chifukwa chake m'makalasi ambiri mumamveka "borrow me your pen". Mwana wotero akuyankhula Chichewa chovala malaya a Chingerezi.

Komatu Chichewa chili ndi malire akeake amene Chingerezi sichiwalabadira. Khasu, njinga kapena mtondo timabwereka, pakuti chimene chatengedwacho n'chomwe chidzabwerere kwa mwini wake. Ndalama ndi mbewu yokabzala timakongola, pakuti zomwezo sizidzabwereranso. Chidzabwere n'chinzake cholingana nazo. Mngerezi amangoti "borrow" pa zonsezi. Motero palibe chiyankhulo chopereweza pamenepa. Chilichonse chinasankha chimene eni ake anachiwona chofunika kusiyanitsa.

Nyakwawa inamvetsera mbali zonse mofatsa. Kenaka inaitana anyamata awiri amene anasenza matumba aja, niwafunsa kumene anawatenga ndi kumene anakawatula. Onse anayankha chimodzimodzi: anawatenga m'nyumba ya amalumewo, nakawatula pakhomo pa bambo uja.

"Pepala silinasenze thumba," inatero nyakwawa. "Anasenza ndi anthu, ndipo anthuwo anena. Bwezani mbewu ya eni ake."

Mlandu unatha bwino, koma panjira yobwerera kumudzi mnyamatayo sanatsegule pakamwa. Anazindikira kuti pakadapanda mboni, liwu limodzi likadaluzitsa munthu amene ankamulipirira sukulu. Amalume ake sanamukalipire. Anangomukumbutsa kuti safunsa anadya phula.

Atabwerera kusukulu anakafunsa mphunzitsi wake wa Chingerezi, ndipo anamva chinthu chimene sanachiyembekezere. M'Chingerezi chakale mneniyu anali "borgian", wochokera ku liwu lotanthauza chikole. Ngakhale lero m'Chijeremani mneni "borgen" amagwira ntchito mbali zonse ziwiri, kupereka ndi kulandira, monga momwe achitira "kubwereka". Mnyamatayo anaona kuti maganizo ake sanali opusa; kungoti lamulo la chiyankhulo chimene analembacho linali lina, ndipo pepala limaweruzidwa ndi lamulo la chiyankhulo chimene lalembedwamo.

Chichewa chinabwereka mawu ambiri ku Chingerezi, monga sukulu, buku, supuni ndi tebulo, ndipo palibe amene adzabwere kudzawalonjerera. Koma wophunzira akabwereka chiyankhulo chonse kuti alembere kalata, mayeso kapena pangano, ayenera kuchisamala monga khasu la mwini, kuligwira kumpini osati kumaso. Kuyambira tsiku limenelo, mnyamata uja asanalembe "borrow" kapena "lend" ankayamba waima kaye, nadzifunsa kuti, "Kodi thumba likuchoka pakhomo pa yani, ndipo likukatulidwa pakhomo pa yani?"