Musasiye magetsi ali choyakira m'boti mopanda munthu

Abale anga a kunyanja, inu eni maboti a injini ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, ndi inu oyendetsa malo ogona alendo ku Cape Maclear, nkhaniyi ndalembera inu. Ine ndili kuno ku England, ndimagwira ntchito padoko lina losungirapo maboti a anthu kufupi ndi Southampton. Ndimatsuka maboti, kuona zingwe zomangira ndi kuyendera doko m'mawa ndi madzulo. Pa zonse zimene amatiuza kuti tiziyang'anira, moto ndiwo uli patsogolo, ndipo timauopa kwambiri nyengo yozizira, pamene maboti ambiri amakhala opanda munthu.

Kuyambira Novembala mpaka Malichi eni maboti sabwerabwera. M'boti mumagwa chinyezi, matilesi ndi makatani amachita nguwi, ndipo kukazizira kwambiri madzi amaundana m'mapaipi n'kuwaphulitsa. Ndiye mwini boti amagula hita kapena makina oyamwa chinyezi, n'kulumikiza nthambo pa kamtengo ka magetsi ka padoko. Magetsi ake ndi a mavoti 230 ngati kwathu konko, pulagi yake yabuluu, ya maampu 16. Akatero amakhoma chitseko, ulendo wa ku London, osaonekanso mwina mwezi wathunthu. Makina aja ali ndii, usana ndi usiku.

Moto wake suyamba mwaphokoso ayi. Mpweya wa kunyanja kuno uli ndi mchere, ndipo mcherewo umadya mano a pulagi pang'onopang'ono. Boti nalo silikhazikika, limangogwedezeka, pulagi n'kumakhwepa. Pamene zitsulo ziwiri sizikugwirana bwino, magetsi amadutsa movutikira ndipo malowo amatentha. Anthu ambiri amadalira kachida kotchedwa RCD, kamene kamadula magetsi akayamba kuthawira kwina, ngakhale pang'ono chabe ngati mamiliampu 30. Kachidaka n'kabwino, kapulumutsa anthu ambiri kuti asagwidwe ndi magetsi. Koma pulagi yongotentha sikaidziwa, chifukwa magetsi akuyenda m'njira yake ndipo sanapyole muyeso. Pulasitiki imayamba kufewa, kenako kuda, kenako kuyaka. N'chifukwa chake poyendera doko timagwira mapulagi ndi dzanja komanso kununkhiza. Pulagi yofunda kapena yofiirira m'mano timaizula pompo n'kuimbira mwini wake.

Pali zinanso. Nthambo yaitali yosiyidwa ili chokulunga imatentha pakati chifukwa kutenthako kulibe kothawira. Hita yokhala ndi fani imagwa boti likagwedezeka, kapena katani imaigwera pamwamba. Makina oyamwa chinyezi ambiri anapangidwira m'nyumba momwe muli anthu. Fumbi likatseka sefa yake amadzitenthera okha. Mtundu wina uli ndi hita m'kati, ndipo ukazimitsidwa fani imayenera kuzungulirabe kwa kanthawi kuti uzizire. Mayunitsi akatha pa mita, zonse zimaima nthawi imodzi m'kati mukadali moto.

Boti la faibagalasi likagwira moto, musayerekeze kuyandikira. Utsi wake ndi wakuda bii, wapoizoni, ndipo m'katimo muli dizilo ndi botolo la gasi wophikira. Maboti amamangidwa moyandikana, kotero la munthu wosamala limapsa chifukwa cha la mnzake. Zingwe zikapsa, boti limanyamuka likuyaka kukagunda ena.

Malamulo alipo. Pa ngalande ndi mitsinje yambiri ya muno muli ndondomeko yotchedwa Boat Safety Scheme: boti limayezedwa pa zaka 4 zilizonse, ndipo kuyambira 2019 boti logonamo anthu liyenera kukhala ndi belu lochenjeza za mpweya wa carbon monoxide. Kumadoko a kunyanja yamchere amene amalamula kwambiri ndi eni doko ndi a inshulansi. Ndimawayamikira pa zimenezi. Komabe ndinene mosabisa, anthu a kuno amakhulupirira makina mopyola muyeso. Chikalata cha zaka 4 sichingaone pulagi imene yayamba kusungunuka usiku uno.

Tsopano kwathu. Chimene tili nacho ife, iwo alibe, ndi anthu. Boti la kwathu kawirikawiri silikhala lokha. Alovi ali pompo pa gombe, mlonda alipo, ana akusewera pafupi, utsi ukangotuluka wina waona kale. Magombe athu ambiri alibenso magetsi olowa m'boti. Mwina wina anena kuti ndiye nkhaniyi sikutikhudza.

Ikutikhudza, chifukwa magetsi afika kale pa usodzi. Nyali zokopera usipa zinali za palafini, lero siginala ambiri akugwiritsa ntchito mababu a batire. Mabatirewo amatchajidwa masana m'kashopu, m'nyumba kapena m'chisakasa chaudzu, ambirimbiri pa ekisitenshoni imodzi yogula pamsika. Mawaya ndi opotokola ndi manja, okulunga ndi jumbo. Pambali pake pali zigubu za petulo wa injini ndi chilimira chowunjika. Batire la asidi likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hayidirojeni, umene umayaka ndi kuthetheka kamodzi kokha. Petulo naye nthunzi yake imakwawa pansi. Mwini wake wakhoma chitseko, wapita kukagona poti wachezera panyanja usiku wonse. Ameneyu sakusiyana ndi mwini boti wa ku London uja.

Ndipo ife tili ndi vuto lina limene kuno n'losowa: kuthimathima kwa magetsi. Akathima timaiwala kuzimitsa pakhoma. Tonse tikudziwa za simbi ndi hotipuleti zimene zayatsa nyumba magetsi atabwera eni ake atachoka. Tchaja ya batire, fuliji ya m'boti la alendo, pampu yosiyidwa cholumikiza, zonsezi zimadzuka zokha magetsi akabwera pakati pa usiku. Pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito ndi yofanana ndi ya muno, ndipo m'kati mwake muyenera kukhala fyuzi, yosapyola maampu 13. Koma fyuzi ikapsa ambiri timangoikapo waya, pena timalowetsa nthambo ziwiri m'soketi ndi kamtengo ka machesi. Kuno moto ukabuka ozimitsa amafika msanga. Kwathu magalimoto awo ali m'mizinda ikuluikulu, kugombe timadalira ndowa ndi mchenga, ndipo boti likapsa palibe inshulansi yobweza. Lapita ndi ngongole yake, alovi khumi n'kukhala pansi.

Sindikupempha zinthu zodula. Mabatire azitchajidwa pamalo popita mphepo, kutali ndi petulo, pali munthu amene ali maso. Amene akumanga malo a alendo aitane wamagetsi wovomerezeka ndi bungwe la MERA kuti aike RCD, ndipo soketi ya pafupi ndi madzi ikhale yotsekeka. Pulagi ikayamba kufunda kapena kununkha, itayeni. Achimwene, achemwali, inu amene mumatumiza ndalama kumudzi zogulira injini ndi maukonde, onjezanipo kangachepe ka chozimitsira moto cha ufa ndi ekisitenshoni yeniyeni, ndipo muwauze a kumudziko kuti pochoka azizula pulagi pakhoma, kaya magetsi alipo kaya athima.