Kompyuta yopanda mutu

Agogo anga anafunsa funso limodzi lokha nditawaonetsa kanthuko: "Nanga mutu wakewo anadula ndani?" Anali atandimva ndikuuza msuweni wanga kuti kompyuta imeneyi ndiziyendetsa headless, kutanthauza yopanda mutu, popanda sikirini, kiyibodi kapena mausi. Anaseka mpaka kutsokomola. Kwathu kuno chopanda mutu ndi nkhuku yophera alendo, ndipo imaphupha pang'ono kenaka n'kuti zii.

Kanthuko ndi Raspberry Pi 4, kabolodi kobiriwira kokula ngati khadi la ku banki. Anatumiza kuchokera ku Joni ndi mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi ku yunivesite. Ine digiri ndili nayo, ntchito ndilibe. Chaka chachitatu tsopano ndili kumudzi kuno ku Diamphwe, m'mawa kudimba ndi amayi, madzulo kulemba makalata ofunsira ntchito omwe sayankhidwa. Ndiye nditalandira kabolodiko ndinapita kwa ahedi a CDSS yapafupi n'kuwalonjeza laibulale yosafuna intaneti. Pulani yake inali yoti ndiikemo Wikipedia kudzera pa Kiwix ndi mavidiyo a masamu a Khan Academy kudzera pa Kolibri, kabolodiko kazitulutsa WiFi yakeyake, ana a Fomu 4 akaweruka aziwerenga pa mafoni a aphunzitsi ndi pa laputopu yakale ya mu ofesi. Osagula bandulo. Ahedi anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kulengeza pa asembule. MSCE inali itatsala miyezi itatu.

Zinayenda masiku awiri. Lachitatu lake WiFi ija sinaoneke pa foni ya aliyense.

Amene simunayendetsepo kompyuta yopanda sikirini, vuto lake ndi ili. Laputopu ikakana kuyaka imakulemberako kanthu, ngakhale ndi Chingerezi chosamveka, ndipo umajambula n'kufunsa anzako pa WhatsApp. Kabolodi aka kalibe polembera. Kali ndi timagetsi tiwiri tokha, kofiira ndi kobiriwira. Kofiira kamanena za moto umene ukulowa, kobiriwira kamaphethira kabolodiko kakamawerenga memori khadi. Basi. Zili ngati kudwazika mwana wakhanda: sanena pamene pakuwawa, iwe ungoyang'ana maso ndi kapumidwe. TV ya munthu ndikanabwereka, koma Pi 4 imafuna chingwe cha micro-HDMI, ndipo pa Mitundu ndinazungulira mabenchi onse ogulitsa zamafoni osachipeza.

Usiku umenewo ndinazimitsa tochi n'kukhala pamphasa kuwerenga kuphethira kwa kagetsi kobiriwira. Opanga kabolodika anakonza zoti kakalephera kudzuka kaziphethira mwa chiwerengero. Kanayi, ndiye kuti sikakupeza fayilo yoyambira yotchedwa start.elf. Kasanu n'kawiri, ndiye kuti sikakupeza kernel, mtima weniweni wa Linux. Kanga kankaphethira kasanu n'kawiri, kupuma, kasanu n'kawiri. Ndinawerenga maulendo mwina khumi kuopa kudzinamiza. Agogo anatuluka kukataya madzi, anandipeza ndikuwerenga mokweza mumdima, sanayankhule kanthu. M'mawa anafunsa amayi ngati ndili bwinobwino.

Ndinachotsa memori khadi n'kuiika mu laputopu ya kusukulu. Windows inandifunsa mwaulemu ngati ndikufuna kuifomata. Mukadzaona zimenezi musadzavomere. Khadi ya Raspberry Pi imakhala ndi zigawo ziwiri, kachigawo kakang'ono koyambira kamene Windows imawerenga, ndi chigawo chachikulu cha mtundu wa ext4 chimene Windows sichizindikira, ndiye imaganiza kuti ndi zinyalala. Ine ndinakana, koma sizinandipulumutse. M'kachigawo kakang'ono kaja maina a mafayilo ena anali atasanduka zizindikiro zosawerengeka. Khadi inali itavunda. Mavidiyo onse amene ndinakopera kwa sabata yathunthu pa WiFi ya msuweni wanga mtauni ndinangotsala nawo pa flashi, mwamwayi.

Apa ndipomwe ndinadzitayitsa masiku atatu chifukwa cha nzeru zakale. Ndinalemba Raspberry Pi OS yatsopano pa khadi ina, n'kuchita zomwe ndinaphunzira ndili pasukulu: kuika kafayilo kopanda kanthu kotchedwa ssh kuti ndizitha kulowa m'kabolodiko kuchokera pa foni, ndi fayilo ina ya wpa_supplicant.conf yokhala ndi dzina ndi pasiwedi ya hotspot yanga. Ndinayatsa. Kobiriwira kanaphethira mosakhazikika, monga kamachitira zinthu zikamayenda. Ndinayang'anitsitsa pa foni podikira kuona "1 connected device". Mphindi khumi, makumi awiri. Palibe. Ndinalembanso fayiloyo kanayi, kuganiza kuti ndaiwala kachizindikiro kena. Kumeneko n'kuti njirayo inasiya kugwira ntchito kuyambira pa mtundu wa Bookworm umene unatuluka mu Okutobala 2023, poti WiFi inayamba kuyendetsedwa ndi NetworkManager. Malangizo ambiri a pa intaneti ndi akale, ndipo salemba pamwamba kuti anatha ntchito.

Ndinasiya za WiFi, ndinabwereka chingwe cha Ethernet n'kulumikiza kabolodiko ku laputopu mwachindunji. Nditalemba ping raspberrypi.local, kanayankha. Abale, ndinakuwa. Kali moyo! Ndinalemba dzina pi, pasiwedi raspberry, zomwe aliyense wogwirapo kabolodika anaziloweza ngati Atate Wathu. Kanandikana. Katatu. Ndinakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba pomwe netiweki imagwira, ndi bandulo ya maola ochepa, n'kupeza kuti dzina la pi analichotsa mu Epulo 2022 pofuna chitetezo. Tsopano umayenera kudzipangira dzina ndi pasiwedi usanayatse koyamba, kaya kudzera mu pulogalamu ya Raspberry Pi Imager kaya mu fayilo ya userconf.txt. Mu Imager momwemo ndimo umaikanso za WiFi, ndi dziko, MW, chifukwa popanda dziko WiFi yake imakhala yotseka. Zonsezi zili pa tsamba limodzi lomwe ndinkalidumpha chifukwa ndinkadziona ngati ndikudziwa kale.

Kanadzuka. Ndinayamba kubwezeretsa mavidiyo kuchokera pa flashi. Pakati pa ntchito, zii. Ndipo m'mawa mwake, kasanu n'kawiri.

Tsiku limenelo ndinakumana ndi mtsikana wina wa Fomu 4 pa mjigo. Sanandinyoze. Anangofunsa kuti, "Achimwene, vidiyo ya ma quadratic equations ija ibweranso? Ndinali nditangoyamba kumva." Bola akanandinyoza.

Amayi ndi amene anati ndipite kwa amalume ku Nathenje. Amalume sanafike Fomu 2. Anayamba ndi mawailesi a mabatire, kenaka ma DVD, pano amakonza mafoni ndi ma inverter pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msewu wa M1. Kunena zoona sindinkafuna. Iwowa ndi amene anagulitsa ng'ombe kuti ndimalize chaka chachitatu, ndiye ndikawapezenso ndi kompyuta yondikanika? Koma ndinakwera njinga yamoto, fumbi lonse kumaso, kabolodi, chaja ndi chingwe zili m'jumbo.

Ndinayamba kuwafotokozera za kernel ndi zigawo za khadi. Anandisiya ndilankhule, akumwa tiyi. Kenaka anati, "Yatsa tione." Analumikiza ku batire yawo ndi chaja yanga yomwe ija, yamtundu wa m'galimoto, imene tinkaigwiritsa ntchito pa batire ya sola kusukulu. Ndinaika khadi yomwe ndinali nditailembanso usiku. Ine maso pa kobiriwira. Iwo maso pa kofiira.

"Iwe, aka kakuzimazimaka ukukaona?"

Ndinali ndisanakalabadire mpang'ono pomwe. Kofiira kamayenera kuyaka mosalekeza. Kakazima kapena kuphethira ndiye kuti moto watsika pansi pa mavoti 4.63. Amalume nambala imeneyo sankaidziwa, ndinaipeza ine pambuyo pake. Iwo anangotenga mita yawo, n'kundiuza kuti ndiwaonetse pomwe pali 5V ndi pomwe pali nthaka pa timisomali ta kabolodiko, pini 2 ndi pini 6. Kakungokhala, mita inkaonetsa pafupi ndi 5. Nditangoika flashi n'kuyamba kukopera, nambala inagwa. Ndinalowa kudzera pa foni n'kulemba vcgencmd get_throttled, yankho linali 0x50005, kutanthauza kuti moto ukuperewera panopa ndipo wakhala ukuperewera. Kabolodiko kankadziwa vuto lake nthawi yonseyi, kungoti ine sindinakafunse.

Pi 4 imafuna mavoti 5 ndi ma amp 3. Chaja yanga inalembedwa 2, ndipo chingwe chake chinali chachitali, chokongola kunja. Amalume anachidula pakati ndi pulayala n'kundionetsa timawaya ta mkati, toonda ngati ndevu za chimanga. "Foni imapirira njala, imangochedwa kudzaza," anatero. "Ako akawa akakomoka ali pakati polemba, ndiye kalata yake izimveka bwanji?" Ndi zomwe zinkavunditsa makhadi anga. Ine ndinkachiza khadi, ndikubwezera kabolodiko ku chaja yomweyo.

Anafukula m'katoni kachipangizo kotsitsa moto kuchoka pa 12 kufika pa 5, kamphamvu zokwanira, n'kuwotcherera chingwe chachifupi, chonenepa. Kofiira kanayaka nji, osagwedezeka. Kenaka anafunsa funso lomwe sindinaliganizepo: madzulo amazimitsa ndani, ndipo amazimitsa bwanji? Ndinayankha kuti alonda amangozula chingwe potseka ofesi. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu.

Apa pokha digiri inathandizako. Ndinakumbukira kuti ukalemba mzere wa dtoverlay=gpio-shutdown mu fayilo ya config.txt, batani lolumikiza pini 5 ndi pini 6 limauza kabolodiko kuti katseke mafayilo ake bwinobwino kasanagone. Amalume anazula batani pa wailesi yakufa ya kaseti, n'kulimangirira pa kabokosi ka sopo momwe tinaikamo zonse. Ndinafuna kuwapatsa kangachepe. Anati ndikagule khadi ina yosungira, ndikopere zonse, ndiisunge kwa amayi osati m'thumba mwanga.

Alonda ndinawaphunzitsa Lolemba: dinani batani, dikirani kobiriwira kasiye kuphethira, kenaka zulani. Anayeserera kawiri, n'kufunsa ngati muli mavidiyo a mpira. Mtsikana wa pa mjigo uja anabwera masana ndi anzake anayi ndi kope lake la masamu. Ine ndinakhala pakhomo, maso pa kagetsi kofiira.