Kwa Nthache pa njinga yamoto

Munthu amene amangodutsa ku Mwanza pabasi amaganiza kuti boma lonse ndi msewu waphula uja. Amachoka ku Blantyre, kuwoloka Shire pa Zalewa, kukhotera kumanzere pamsewu wa M6, ndipo akayenda makilomita pafupifupi 100 kuchokera mumzinda amapeza mzere wa mathiraki odikira kulowa m'Mozambique kudzera ku Zóbuè. Akagula manachesi pawindo, basi Mwanza waidziwa. Koma ambirife sitikhala m'mbali mwa phula. M'dera la Mfumu Nthache, kumene ndimatumikira mongodzipereka pa zaumoyo mumpingo wathu, midzi yambiri ili kutali ndi kumene galimoto ingafike mosavuta.

Dziko lake ndi la zitunda ndi zigwa. Ukakwera chitunda chimodzi umaona china chikukudikira, pakati pake pali kamtsinje kamene mu Okutobala ndi mchenga wokhawokha koma mu Januwale kakhoza kukokolola ng'ombe. M'minda muli chimanga chosakaniza ndi nandolo, m'makomo muli mitengo ya manachesi imene imaphunzitsa ana sukulu, ndipo m'njira umakumana ndi anyamata akukankha njinga zosenza matumba a makala. Mapiri amene tili ana anali obiriwira, ena ayamba dazi. Ukalunjika chakummwera umafika ku Thambani, dzina lomwe Amalawi ambiri amalidziwa chifukwa cha nduna zitatu ndi phungu mmodzi amene anaphedwa panjira yake mu Meyi 1983. Ife a Adiventi timalidziwanso ngati malo amene uthenga wathu unafikako kalekale.

Kwa zaka zambiri ndinkayenda pa njinga yakapalasa. Ndinkanyamula buku la maphunziro, sikelo ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi, n'kumafika kumpingo waung'ono wakutali thukuta lili kamukamu, mawu oti ndiphunzitsire atatha. Patsiku ndinkakwanitsa mudzi umodzi. Titakolola nandolo bwino chaka china, mayi akunyumba anatenga ngongole kubanki m'khonde, tinaphatikiza, n'kugula njinga yamoto yakale, Yamaha AG200, imene inali itagwira kale ntchito kubungwe lina. Anzanga ankandiuza kuti ndigule Lifo yatsopano ngati za akabaza, poti zipangizo zake zimapezeka paliponse ndipo n'zotsika mtengo. Sananame. Koma ine ndinali nditaona anyamata a Riders for Health, amene amanyamula magazi ndi makhololo okayezedwa kuchokera m'zipatala zing'onozing'ono, akudutsa m'matope pa AG200 ngati palibe kanthu, ndipo mtima unali utapita kale.

Njinga imeneyi anaipangira alimi a ku Australia ndi New Zealand kuti aziyendera m'mafamu. Ilibe liwiro, ndipo pa M6 akabaza amandipitirira akuseka. Koma giya yoyamba ndi yamphamvu moti imakwera chitunda pang'onopang'ono ngati bulu, tcheni chake n'chotsekeredwa m'bokosi kuti matope asachidye, ili ndi keliyala kutsogolo ndi kumbuyo, komanso choimikira mbali zonse ziwiri. Chomalizachi munthu amachiona chopanda pake mpaka tsiku lomwe waima pamalo otsetsereka.

Nthawi zina pachipata cha Mwanza pamaima azungu oyenda maiko pa njinga zikuluzikulu za BMW, zamabokosi achitsulo m'mbali. Ena anatengera Ewan McGregor ndi Charley Boorman, amene mu 2007 anayenda pa njinga zotere kuchoka ku Scotland mpaka ku Cape Town, n'kudutsanso m'Malawi muno. Tsiku lina ndinacheza ndi mmodzi wa apaulendo oterewa. Anazungulira njinga yanga kawiri, kugogoda bokosi la tcheni, n'kunena kuti akadakhala kuno akadagula yomweyi. Yakeyo imalemera makilogalamu oposa 200, ndipo ikagwa m'matope munthu mmodzi amavutika kuidzutsa. Iye misewu yoipa amachita kuifunafuna patchuthi, pomwe ife ndiyo njira yopitira kuchigayo.

Mnyamata wina wonyamula zokayezedwa uja ndiye anandiphunzitsa kuyendera njinga ndisananyamuke. Iwo ali ndi ndondomeko imene amaitcha PLANS: kuona petulo, kuona oilo ndi mafuta a tcheni, kuona ngati tcheni ndi zingwe zili pamlingo wake, kumanga manati onse, kenako mabuleki ndi matayala. Sizitenga mphindi khumi. Ine ndinasankha Lachisanu m'mawa kukhala nthawi yochita zimenezi mofatsa, poti ndi tsiku lokonzekera. Mayi akamasita zovala ndi kuphika ndiwo za Sabata, ine ndimakhala pansi pa mtengo ndi masipanala.

Lachisanu limodzi la mu Januwale sindinatero. Kunali maliro mamawa, ndipo petulo anali akusowa pamalo omwetsera mafuta, choncho ndinagula malita awiri a m'mabotolo m'mbali mwa msewu, kuthira osasefa. Masana ndinapita kumudzi wina kukaphunzitsa amayi a Dorika za kuthira mankhwala m'madzi akumwa ndi kusungunula Thanzi ORS. Anthu kuno saiwala kolera imene inayamba mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndiye phunziro limeneli amalimvetsera bwino. Mvula inagwa tili m'kati mwa tchalitchi, yamphamvu koma yosakhalitsa.

Ndikumanga katundu kuti ndizipita, cha m'ma 4 koloko, kunabwera mayi wina wachitsikana akuthamanga, mwana ali kumsana, agogo ake a mwanayo akutsatira pambuyo.

"Abambo, pepani, tithandizeni. Mwanayu wakomoka kawiri."

Anali mnyamata wa zaka ngati ziwiri, thupi lili moto. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo anali atamuyeza kale, n'kupeza malungo. Koma mwanayo ankasanza chilichonse, ngakhale madzi, kotero mapiritsi a LA sakanakhala m'mimba. Makolo anzanga, zizindikiro izi muzisunge: mwana akamakomoka, akamasanza zonse, akamalephera kumwa kapena kuyamwa, kapena akafooka moti sakudzuka bwino, nkhani yatha kukhala ya pakhomo. Ameneyo ndi wa kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo, kumene amabaya jakisoni wa artesunate. Mlangiziyo anali atalemba kale kalata. Kabaza wa m'mudzimo anali atapita kumsika ndipo foni yake sinkapezeka.

Ndimaphunzitsa anthu kuti pa njinga yamoto pasakwere anthu atatu, makamaka ndi mwana wodwala. Tsiku limenelo ndinaphwanya chiphunzitso changa. Ndinapatsa mayiyo chisoti chachiwiri chomwe ndimayenda nacho, agogo anamangirira mwana pachifuwa pa amake ndi zitenje ziwiri, mkulu wa mpingo anapemphera mwachidule, tinanyamuka.

Matope a mvula yongogwa kumene ndi oterera ngati therere. M'malo otere buleki ya kutsogolo suigwira mwamphamvu, umayenda pa giya yachiwiri, maso patali, osati patayala. Kawiri konse ndinaima kuti ndichotse ndi kamtengo matope amene anadzaza pakati pa tayala la kutsogolo ndi madigadi mpaka tayala kukana kuzungulira. Kenako tinafika pakamtsinje kamene ndinawoloka masana madzi ali m'mapazi. Tsopano anali ofiira, akuthamanga. Ndinatsika, kuyamba ndalowamo wapansi ndi ndodo, ndipo anandilekeza m'munsi pang'ono mwa mawondo. Akanafika m'mawondo sindikanayesa. Ndinawolotsa mayi ndi mwana nditawagwira dzanja, n'kubwerera kukatenga njinga. Inalowa bwino, inadutsa pakati, koma tayala la kutsogolo litangogunda tsidya linalo injini inatsokomola kawiri n'kuzima.

Ndinaikankhira pamtunda. Kiki yoyamba, zii. Yachiwiri, yachitatu, mpaka yakhumi, zii. Dzuwa linali litapendeka, ndipo kumbuyo kwanga ndinkamva mwana akupuma mothamanga.

"Abambo, yafa?"

"Ayi mayi, yangomwa madzi. Khalani pamwalapo, mwanayo mumugoneke chammbali, mumuchotse chitenje chimodzi."

Ndinayankha molimba mtima koma manja ankanjenjemera. Makaniko amene amandikonzera ku Mwanza anandiuzapo kuti injini imafuna zinthu zitatu zokha, mpweya, moto ndi mafuta, ndipo ikazima uzifunse chimodzichimodzi m'malo momangoponda kiki. Kuponda kiki kakhumi konse kuja kunali kulakwa, chifukwa madzi akakhala atalowa m'kati mwa injini ukhoza kupinda chitsulo cha pisitoni. Ndinatsegula bokosi la eyakilina. Siponji inali youma, ndiye madzi sanadutse pamenepo, mtima unakhalako pansi. Ndinazula kapu ya pulagi, ndipo munatuluka madontho. Ndinaipukuta ndi mpango, kumasula pulagi, kuiumitsa, kuibwezera mukapu, kuigunditsa kuchitsulo cha injini n'kuponda kiki. Kamoto kabuluu kanathetheka. Ndinamanga, kuponda: inalira kamphindi n'kuzimanso.

Apa panatsala mafuta. Pansi pa kabuleta pali kasikuluwu kotulutsira zotsalira. Ndinadula botolo la madzi akumwa, kulitchera pansi, kumasula. Mwa zomwe zinatuluka, pamwamba panali petulo koma pansi panakhala timibulu ta madzi ndi zinyalala zofiirira. Madzi amalemera kuposa petulo, choncho amakhazikika pansi penipeni pomwe injini imakokera mafuta. Ena mwina analowera pamtsinjepo kudzera m'timapaipi ta kabuleta, koma zinyalalazo zinali za m'mabotolo a m'mawa aja. Ndinasiya kuti atuluke mpaka atayera, kumanga, kutaya botolo patali, kukoka choko, kuponda. Kachiwiri inalira, ndipo sinazimenso. Mayi uja anangoti, "Zikomo Yesu," ali kale chiimire.

Zonsezi zinatidyera mphindi ngati 25. Tinatulukira paphula magetsi a m'magolosale atayaka, ndipo Sabata linatipeza tili pamsewu. Ndikukumbuka kuti ndinaliganizira, poti kwathu nthawi imeneyo ana amakhala atasamba, tonse tili pamphasa kutsegulira Sabata ndi nyimbo. Sindinamve kutsutsika mumtima. Pa Luka 14 Ambuye anafunsa za ng'ombe yogwera m'chitsime tsiku la Sabata, ndipo amene ndinanyamula ine sanali ng'ombe. Pachipatala cha boma anamwino anamulandira mwanayo msanga, kumubaya, kumuika diripi. Anagonekedwa masiku anayi. Lero ndi mnyamata wopulupudza amene ndikafika m'mudzimo amathamangira kudzaliza hutala.

Chichokereni tsiku limenelo, pansi pa mpando sipasowa pulagi yatsopano, sipanala yake, sikuludiraiva, zigamba za chubu ndi kansalu kosefera mafuta. Pampu ndimaimangirira kukeliyala. Petulo wa m'botolo ndimagulabe zikavuta, kunama n'kulakwa, koma ndimayamba ndamuyang'ana padzuwa ndi kumusefa. Kapu ya pulagi ndinasintha, yakaleyo inali ndi mng'alu umene ndikanauona ndikanakhala pansi pa mtengo Lachisanu lija.

Pamaphunziro a zaumoyo a pamsonkhano wa misasa ndinawonjezeranso mutu umene poyamba anthu ankaudabwa. Pakati pa phunziro la masamba ndi la madzi ndimaika la chisoti. Bungwe la WHO linanenapo kuti chisoti chovalidwa bwino chimachepetsa chiopsezo cha imfa ndi 42 pa 100 alionse, ndipo cha kuvulala m'mutu ndi 69 pa 100. Mawu akuti chovalidwa bwino ndi ofunika, chifukwa ambiri amachikhazika pamutu lamba osamanga, ena amachikoloweka pachiwongolero kudikira pamene pali apolisi. Achinyamata athu ambiri, ena madikoni ndi oimba kwaya, akudyera kabaza, ndipo si onse ali ndi laisensi kapena amene anaphunzitsidwapo. Timaphunzitsa kuti thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera, timapewa fodya, mowa ndi nkhumba, kenako timanyamula mayi woyembekezera pa liwiro, mutu uli pamtunda. Mayi wina wachikulire anadandaula kuti chisoti cha kabaza chimanunkha thukuta la anthu ena komanso chimaphwanya duku. Ndinamuuza kuti azivala kansalu kopyapyala m'kati. Anaseka, koma Sabata lotsatira anafika kutchalitchi atachivala.

Kamtsinje kaja ndimakawolokabe kawiri pamwezi. M'chilimwe ndimadutsa osatsika n'komwe, ana akusewera pamchenga. Mwala umene mayi uja anakhalapo ulipobe kutsidya, amayi amachapirapo, ndipo mvula ikayamba ndodo yanga yoyezera madzi ndimaibisa kuseri kwake.