Maso amene ankadziwa mwana wa mpira

Kale m'makwalala a Kawale, Biwi ndi Chinsapo ku Lilongwe, mwana waluso pa mpira sankasowa womulengeza, dzina lake linkayenda lokha. Tikaweruka kusukulu tinkakumana paliponse pamene panalibe nyumba. Mpira unali wachikulunga, wa majumbo omanga ndi zingwe, magolo ake njerwa ziwiri uku, ziwiri uko. Pambali sipankalephera kukhala madala angapo, ena atatsamira njinga zawo pochokera kuntchito, akuonerera mwachidwi.

Madala amenewa sankatengeka ndi njomba. Ife ana ndiye tinkakuwa mnzathu akadyetsa anthu atatu njomba, koma iwo maso ankakhala pena. Kodi mwanayu akalandira mpira amadzutsa mutu asanaumenye? Phazi lamanzere limagwira ntchito kapena ndi loyendera chabe? Timu yake ikachinyidwa zigoli ziwiri, amanyanyala kapena amayamba kuitana anzake mayina kuti adzuke? Ankamuona m'matope a Januwale, n'kudzamuonanso mu Okutobala, fumbi lili koboo, dothi likuotcha mapazi opanda nsapato. Pofika ponena kuti "uyu adzasewera," ankakhala atamuona zaka.

Kusukulu nakonso kunali maso. Mphunzitsi wa zamasewero ankadziwa zaka zenizeni za mwana chifukwa ankamudziwa kuyambira Sitandade 1, ankadziwanso ngati wabwera wadya kapena ayi. Mawu a mphunzitsi woteroyo ankalemera, ndipo akafika kwa akuluakulu a Silver Strikers, Civo United kapena Blue Eagles ku Nankhaka, munthu ankanyamuka kudzaona yekha.

Lero zilipo zambiri zimene ife sitinkazilota n'komwe. Bwalo la Bingu linatsegulidwa mu 2017 ku Area 48. Kuli ligi ya achinyamata osapitirira zaka 20, kulinso sukulu zosula ana pa mpira monga Ascent Soccer. Chondisangalatsa koposa ndi atsikana, amene m'masiku athu ankathamangitsidwa pabwalo kuti akatsuke mbale. Tabitha Chawinga anachoka ku Rumphi ali wamng'ono kudzasewera mu DD Sunshine konkuno ku Lilongwe, mu 2014 n'kupita ku Sweden, ndipo mu 2022/23 anagoletsa zigoli 23 ku Inter Milan, kuposa wina aliyense mu ligi ya ku Italy.

Koma kasankhidwe ka ana kakundiwawa mtima. Masiku ano matimu ambiri amangolengeza tsiku loyesa osewera. Ana amakhamukirako m'mamawa, ena wapansi kuchokera ku Mgona kapena Area 25, m'mimba muli pululu, nsapato zobwereka zothina. Aliyense amapatsidwa mphindi zochepa. M'mphindi zimenezo wamtali ndi wamphamvu ndiye amaoneka, ndipo nthawi zina ameneyo ndi mnyamata wometa kale ndevu amene wabera zaka. Kamwana kochepa thupi, kamene kamaona mpata anzake asanauone, kamabwerera kwawo mpira kataukhudza kawiri kokha. Ena amadalira kakanema ka pa WhatsApp koonetsa zigoli zokhazokha, pamene khalidwe la wosewera limaoneka nthawi imene mpira uli kutali ndi iye.

Malo osewerera nawonso achepa. Pamene tinkathamanga ife pali nyumba za lendi, mipanda ndi mashopu, moti ana ambiri akusewerera mumsewu, kuimitsa mpira kabaza akamadutsa. Mabwalo otsala monga la Masintha ku Kawale amalimbiranidwa ndi misonkhano.

Inu makochi ndi akuluakulu a matimu, tsikani mubwere ku Area 23, ku Chinsapo ndi ku Mgona Loweruka masana, ndipo mubwerenso sabata yotsatira ndi inayo. Funsani aphunzitsi za ana amene mwawaona. Nanunso a khonsolo ndi mafumu a m'madera, mabwalo amene atsalawa musalole kuti adulidwe mapoloti.