Thanthwe la ku Chongoni ndi sitetasi ya pa foni

Anzanga a ku Linthipe, mumandifunsa kuti bwanji ndimakwera mapiri kuno koma zithunzi sindikutumizirani. Lero ndiyankhe.

Kuno ku Cape Town kukwera phiri ndi chinthu chimene munthu amadziwika nacho. Loweruka m'mawa Lion's Head amadzaza, ndipo pamwamba anthu amadikirirana pa mwala kuti ajambulitsepo. Asanatsike n'komwe, chithunzi chili kale pa Instagram, akuchiyamikira anthu amene sanapondeko kuno. Cha pa sitetasi ya WhatsApp chimafufutika pakatha maola 24, ndiye sabata yamawa pafunika china. Ena amasankha njira poganizira pamene adzaoneke bwino, miyendo izidziwira yokha.

Kwathu munthu amakwera Chongoni kukazula bowa, kukatola nkhuni kapena kukapemphera. Ukati ukungokonda kukwerako, agogo akufunsa ngati uli bwinobwino. Komatu zokonda tili nazo: bawo, nkhunda, kuumba, kuimba. Kungoti wofuna kuona nkhunda zako amabwera pakhomo, mumakhala pansi, mwina n'kuchoka ndi maunda awiri.

Harold Innis wa ku Canada, m'buku lake la 1951, anagawa pawiri zinthu zonyamula uthenga. Zolemera, monga mwala ndi dongo, zimakhalitsa koma siziyenda. Zopepuka, monga pepala, zimafika kutali koma sizichedwa kutha. Ndimaona ngati bamboyu akanasangalala kufika kwathu. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, ndipo UNESCO inawalandira m'kaundula wake mu 2006. Zofiira ndi za Akafula. Zoyera ndi za Achewa, zambiri anajambula ndi amayi pa chinamwali, zina n'za nyau monga za ku Namzeze, ndipo anthu ankajambulabe mpaka m'zaka za m'ma 1900.

Musandimve molakwa, zimenezo sizinali zotayitsa nthawi ngati zanga za Lowerukazi. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti thanthwe linkasankha lokha woonera. Namwali ankayenda wapansi mpaka kuphanga, anamkungwi ali pambali, ndipo tanthauzo linkatuluka m'kamwa mwawo. Popanda iwo, chithunzicho chinali theka chabe la nkhani.

Foni ilibe anamkungwi. Sindikuinyoza ayi, ndi yomweyi ikundilumikiza ndi inu, ndipo mnyamata woumba miphika ku Dedza angapeze nayo ogula ku Lilongwe. Koma taonani makanema a gule amene achinyamata akuponya pa TikTok: wodziwa mwambo ndi wosadziwa akuonera limodzi, ndipo ndemanga zambiri n'za kuseka. Mlendo akajambula thanthwe la ku Mphunzi n'kutumiza ku London, anzake amaona chinthu chonga buluzi, n'kufunsa ngati pafupi pali malo ogona abwino.