Za Utsi ndi Moto m'Mitsempha ya Mtima

Masiku ano timva kawirikawiri kuti uje wagwa mwadzidzidzi atagwira pachifuwa, ndipo madotolo anena kuti mtsempha wodyetsa mtima wake unatsekeka. Ife amene taperekezapo odwala otere ku chipatala tabwerako ndi maina awiri achilendo a zinthu zopezeka m'magazi, ndipo tiyesa kuti nkwabwino kuti inunso muwadziwe.

Loyamba ndilo cholesterol, ndiwo mafuta oyenda m'magazi. Akachuluka akanirira m'kati mwa mitsempha monga matope m'ngalande, kufikira njira ya magazi ichepa. Lachiwiri ndilo homocysteine, kanthu kotsalira pamene thupi ligaya zakudya monga nyama ndi mazira. Mavitamini B6, B12 ndi folate ndiwo athandiza kukachotsa. M'chaka cha 1969 Dotolo Kilmer McCully wa ku Boston anaona kuti ana obadwa nako kochuluka koposa anali ndi mitsempha youma ngati ya nkhalamba. Kuyambira pomwepo ophunzira anaganiza kuti kanthuka kakanda mtsempha m'kati, ndipo mafuta aja apezapo pokakamira.

Tsono ambiri anakondwa, nati vitamini wotsika mtengo adzapulumutsa mtima. Koma taonani chimene chinaoneka. M'chaka cha 2006 madotolo a ku Norway analengeza za anthu 3,749 amene mtsempha wa mtima unawatsekekerapo. Mwa olandira folate ndi B12 homocysteine anatsikadi, koma nthenda inawabwerera monga momwe inabwerera osalandira. Pamene m'chaka cha 1994, m'maiko a Scandinavia, mwa odwala mtima 4,444 theka linapatsidwa simvastatin, mankhwala otsitsa cholesterol, ndipo imfa pakati pawo zinachepa ndi magawo 30 pa 100.

Nanga tiphunzirapo chiyani? Kwa ife homocysteine afanana ndi utsi: atichenjeza kuti pena papsa, koma wokupiza utsi sazima moto. Chifukwa chake tikupemphani, inu osunga wodwala mtima m'nyumba, musalole kuti aleke mankhwala a dotolo ndi kutaya ndalama za chimanga pogula mabotolo a mavitamini. Folate alimo kale m'nyemba, mu nkhwani ndi mu bonongwe wa m'dimba mwanu. Chepetsani nyama yonona ndi mchere, fodya alekedwe ndithu. Ndipo munthu akamva pachifuwa kuthina, thukuta lili kamukamu, musadikire kuti kuche, pakuti mtima sulinda m'mawa.